Magemu ovuta: akuyesa luso kapena thumba?

M'madera a mzinda wa Blantyre monga Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, tizipinda toseweramo magemu a PlayStation tayamba kutenga malo omwe kale anali a nyumba zoonetseramo mavidiyo. Pamangofunika kanema mmodzi kapena awiri, mapadi, benchi ndi magetsi, basi bizinesi yayamba. Achinyamata ena safikako n'komwe kumeneko chifukwa amasewera pa lamya zawo za m'manja, kaya ali m'minibasi yopita ku Limbe kaya pamzere ku banki.

Maiko akunja akhala akukangana kwa zaka zambiri ngati gemu yabwino iyenera kukhala yovuta, yokomera akatswiri, kapena yofewa kuti aliyense aikwanitse. Kwathu kuno mkanganowu uli ndi nkhope ina. Pamene masewero aliwonse akulipiridwa, ndipo bandulo ya intaneti ikugulidwa ndi ndalama yomwe ikanagula ndiwo, kuvuta kwa gemu kumakhudza thumba. Kotero chofunika kudziwa n'chakuti gemu yavuta pofuna kumuphunzitsa wosewera kapena pofuna kumukama.

Ubale wa kuvuta ndi ndalama sunayambe lero. Magemu otchuka oyambirira, monga Space Invaders ya mu 1978 ndi Pac-Man ya mu 1980, ankaseweredwa pa makina oponyamo ndalama yachitsulo. Mwini makina ankapindula wosewera akagonja msanga n'kuponyamo ina, choncho gemu inkayamba mofewa kenako n'kumalimba. Magemu atalowa m'nyumba za anthu, zinthu zinasintha chifukwa munthu ankagula kamodzi kokha. Gawo loyamba la Super Mario Bros. ya mu 1985, yomwe anatsogolera kupanga ndi Shigeru Miyamoto wa kampani ya Nintendo, limatchulidwabe ngati chitsanzo chabwino: limaphunzitsa munthu kudumpha ndi kuzemba adani popanda kumulembera malangizo, ndipo zovuta zimabwera iye atazolowera kale.

Masiku ano opanga magemu agawanika. Kampani ya ku Japan ya FromSoftware, eni ake a Dark Souls ya mu 2011 ndi Elden Ring ya mu 2022, siyipereka mwayi wosankha mulingo wofewa. Aliyense amakumana ndi adani omwewo, amagonja kambirimbiri, mpaka atadziwa mayendedwe awo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo okonda magemuwa amati kukoma kwake kuli pomwepo. Mbali inayi kuli magemu ngati Celeste ya mu 2018, yomwe ndi yovutanso koma imalola wosewera kuchepetsa liwiro kapena kudziteteza ku imfa akafuna. Njira ziwirizi n'zosiyana, koma zikugwirizana pa chinthu chimodzi: ukagula gemuyo, palibe amene adzakuuze kuti ulipirenso kuti udutse pomwe wakanika.

M'tizipinda ta ku Ndirande kapena ku Bangwe, magemu aatali oterowo sayenda malonda. Amafuna maola ochuluka pa makina amodzi, pamene panja pali ena akudikira, komanso magetsi a ESCOM atha kuthima nthawi ina iliyonse. Eni malo oterewa sanaiwale mdima womwe unadza namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. N'chifukwa chake omwe akulamulira ndi magemu otha pa mphindi zochepa: mpira wa FIFA, womwe kuyambira 2023 ukutchedwa EA Sports FC, mnzake wa PES yemwe anasanduka eFootball mu 2021, ndi ankhonya monga Mortal Kombat ndi Tekken.

Gemu ya EA ili ndi milingo yoyambira pa Beginner kukafika pa Legendary ndi Ultimate, yomwe inaikidwa kuti wongoyamba kumene ndi katswiri aliyense apeze pomuyenera. Koma milingoyi imagwira ntchito munthu akamasewera ndi kompyuta. M'kachipinda ka m'dera, mdani wako ndi mnyamata wakhala nawe pabenchiyo, ndipo iye alibe batani lomufewetsera. Pomwe pali lamulo lakuti wogonja ndiye alipire, wophunzira ndi amene amalipirira katswiri nthawi yonolera luso lake. Katswiri amakulirakulira, wongoyesa amachinyidwa zigoli kangapo n'kuleka. Ana ang'onoang'ono ndi atsikana ndiwo amathera pa kuonerera, ndipo mwini malo amataya makasitomala amawa osadziwa.

Makolo athu vutoli analiona kale pa bawo. Bolodi ndi limodzi, la maenje 32 ndi njere 64, koma pali kaseweredwe kosavuta komwe njere zonse zimayalidwa ziwiriziwiri poyamba, komanso kaseweredwe ka akuluakulu komwe njere zambiri zimakhala m'manja n'kumalowa imodziimodzi. Wophunzira amayambira pofewa, osathamangitsidwa pabwalo. Eni malo a magemu akhoza kutengerapo nzeru: katswiri asankhe timu yofooka pamene wophunzira watenga Real Madrid, mipikisano ikhale ya magulu awiri, ndipo pakhale nthawi yomwe aliyense amadzilipirira yekha.

Pa lamya ndi pomwe pali nkhani yaikulu. Magemu ambiri a pamenepo ndi aulere pokopera, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Candy Crush Saga, yomwe inatuluka mu 2012, imapatsa munthu miyoyo isanu, ndipo umodzi ukatayika umabwerera pakatha mphindi 30. Magawo oyamba ndi osavuta. Patsogolo pamabwera gawo lomwe munthu amalephera patangotsala pang'ono, ndipo nthawi yomweyo gemu imamuonetsa mwayi wogula mayendedwe oonjezera. Kuti njirayi ndi yopindulitsa, umboni wake ndi wakuti mu 2016 kampani ya Activision Blizzard inagula King, eni gemuyi, pa mtengo wa madola 5.9 biliyoni. Amene sangathe kugula amalipira m'njira ina: amaonerera zotsatsa malonda zomwe zimadya bandulo yake.

Magemu a mpira nawonso ali ndi msampha wawo. Mu Ultimate Team munthu amagula timaphukusi ta osewera asakudziwa kuti muli ndani, ndipo yemwe ali ndi ndalama amamanga timu yamphamvu msanga kuposa waluso wosauka. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti timaphukusi totere ndi juga, ndipo chaka chotsatira kampani ya EA inasiya kugulitsa kumeneko mapointi ogulira timaphukusito. Mitengo ya zinthuzi imawerengedwa m'ndalama zakunja, choncho pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mpata pakati pa wosewera wa ku Chilomoni ndi mnzake wa ku London unakulirakulira.

Kumapeto kwa msewu umenewu kuli Aviator, yomwe ambiri amangoitcha kandege. Imaoneka ngati gemu, imaseweredwa pa lamya yomweyo, ndipo ndalama imalowa mosavuta kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Kandege kamakwera, phindu likukwera nako, wosewera n'kumayesa kutulutsa ndalama kasanathawe. Zimamveka ngati pakufunika luso, koma pomwe kathawire pamasankhidwa ndi makina mwachisawawa. Kampani ya Spribe, yomwe inapanga gemuyi, imanena yokha kuti imabweza 97 peresenti ya ndalama zobetchedwa, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse yomwe anthu onse pamodzi aponya kwa nthawi yaitali, K3 siibwerera. Pa bawo kapena pa FIFA, wosewera chaka chathunthu amaposa wa dzulo. Pa kandege onse ndi ofanana, kupatula kuti wakaleyo wataya zambiri.

Bungwe loyang'anira juga la MAGLA, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2022, lili ndi udindo woteteza ana osafika zaka 18 ku juga. Mpofunika kuti liunikenso magemu omwe sadzitcha juga koma amagulitsa mwayi, monga linachitira dziko la Belgium. Nkhaniyi ikukhudzanso umoyo, popeza mu 2019 bungwe la WHO linaika vuto losewera magemu mopyola muyezo pa mndandanda wa matenda.

Komabe kuletsa mwana magemu onse kungakhale kutaya bomwetamweta, chifukwa gemu yovuta mwachilungamo imaphunzitsa kupirira ndi kuganiza msanga. Kholo la ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri silifunika kudziwa dzina la gemu iliyonse. Lingokhala pambali pa mwana kwa mphindi zingapo n'kuona zomwe zimachitika akagonja. Ngati akudziwa pomwe walakwitsa ndipo akuyesanso mwanzeru, gemuyo ikumumanga. Ngati pakanema pakutuluka mtengo, kapena akupempha nambala yachinsinsi ya Mpamba, yomwe ikuyesedwa ndi ndalama ya pakhomo.