ZA MAIKO AKUNJA: Alonda a Makompyuta Alikumezana

Masiku ano cuma cambiri ca anthu sicisungidwa m'nkhokwe kapena kunsi kwa mphasa, koma m'makompyuta. Ndarama za ku banki, maina a odwala m'zipatala, ngakhalenso ndarama zimene mlimi alandira pa foni atagulitsa cimanga cake, zonsezi ziyenda m'makina olumikizana. Pamene pali cuma mbala sizisowa. Cifukwa cake kuli makampani amene nchito yao ndi ya ulonda, kuchinjiriza makinawo kuti akuba asalowemo.

Kale kampani iri yonse inali kusunga makompyuta m'nyumba yakeyake, mlonda ali pakhomo. Tsopano ambiri acita lendi malo m'nyumba zikuluzikulu zodzala ndi makompyuta, zimene eni ake ndi makampani onga Amazon, Microsoft ndi Google a ku America. Kasungidwe aka akacha "cloud", ndiye kuti mtambo, ngakhale kuti nyumbazo ziri pansi pompano. Popeza katundu wasamuka, alonda naonso ayenera kumtsata, ndipo onse alikulimbirana nchito ya ku malo atsopanowa.

Pa mpikisano umenewu makampani akuluakulu aona kuti kugula ang'onoang'ono ndi kwa pafupi kopambana kuyamba okha luso latsopano. M'caka ca 2022 Google inagula Mandiant pa mtengo wa madola mabiliyoni 5.4. Mu 2024 Cisco inatenga Splunk ndi mabiliyoni 28. Yozizwitsa koposa ndi nkhani ya Wiz, kampani yolondera cloud imene anthu a ku Israel anaiyamba mu 2020. Mu 2024 eni ake anakana mabiliyoni 23 a Google, koma mu March 2025 anabvomera mabiliyoni 32, kampaniyo iri ndi zaka zisanu cabe. Mu July caka comweco Palo Alto Networks inalengeza kuti idzagula CyberArk ndi mabiliyoni pafupifupi 25.

Ogulawo anena kuti cimeneci cikomera onse. Iwo ati banki yolemba alonda ocokera ku makampani khumi isiya mipata pa mpanda, pakuti alondawo samvana, ndipo mbala ilowera pomwepo. M'mau awa muli coonadi ndithu. Koma mlimi adziwa bwino zimene zicitika pamene wogula mbeu ali mmodzi yekha m'dera lonse: mtengo auika yekha, ndipo wodandaula alibe kwina kopita. Zingacitikenso motero ogulitsa ulonda akacepa.

Coopsya cina cinaoneka pa 19 July 2024. Kampani ya ulonda yochedwa CrowdStrike inatumiza ku makina a makasitomala ake malangizo atsopano amene munali colakwa. Microsoft inawerengera kuti makompyuta pafupifupi mamiliyoni 8.5 anaima. Maulendo zikwizikwi a ndege analephereka, zipatala zina zinabweza odwala oyembekeza opareshoni, ndipo mabanki ena anabvutika kutumikira anthu. Panalibe mbala tsiku limenelo. Mlonda mwini ndiye anatseka cipata eni nyumba ali panja, ndipo tsokalo linafika kutali cotere cifukwa nyumba zambirimbiri zinadalira mlonda mmodzi.

Ici ndico cifukwa cake maboma sayang'ana kumbali pamene makampani akulu afuna kuphatikizana. Ku America ndi ku Ulaya malonda otere ayamba apimidwa asanaloledwe. Muno m'Zambia nchito yonga yomweyo iri m'manja mwa bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, ndipo maiko a COMESA ali ndi bungwe lao ku Lilongwe. Funso la onsewa ndi limodzi: kodi malondawo akatha, wogula adzakhalabe ndi kwina kosankha?

Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Denga la cuma ca maiko lalemera kwambiri tsopano, ndipo mitu yolisenza irikucepa caka ndi caka.