Adani a khola la nkhunda ku Molumbo

Khola la nkhunda limasunga zinthu zimene zilombo zambiri zimafuna: mbewu zotayika, mazira, ndi maunda osatha kuuluka. Ku Molumbo, dera limene linali pansi pa boma la Milange mpaka mu 2013 pamene linakhala boma palokha, makola ambiri ndi a nsungwi, makungwa, dothi ndi udzu, oimikidwa pa mphanda pafupi ndi nkhokwe kapena patsinde pa mtengo wa mango. Nkhunda zake ndi zandiwo ndi zogulitsa, osati zampikisano ngati za ku Belgium, kumene nkhunda ina yotchedwa New Kim inagulidwa pa mayuro 1.6 miliyoni mu 2020. Komabe mbalameyo ndi imodzimodzi, ndipo njira zimene eni nkhunda zampikisano amatetezera makola awo zimathandizanso pamudzi.

Nkhunda imaikira mazira awiri okha. Yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira kwa masiku pafupifupi 18, kenako maunda amakhala m'chisa pafupifupi mwezi wathunthu. Chilombo chikalowa usiku umodzi, ntchito ya masabata asanu ndi awiri yapita. Choipa china n'chakuti nkhunda zodzidzimutsidwa kawirikawiri zimasiya mazira, ndipo zina zimasamukira kukhola la mnansi osabwereranso.

Gologolo ndiye amaonekera kwambiri chifukwa amayenda masana. Chimene amatsata makamaka ndi chimanga, mtedza ndi mapira, ngakhale kuti akapeza chisa chopanda mwini amaswanso dzira. Nthawi zambiri sakwera mphanda. Amalumpha kuchoka panthambi n'kutera padenga. N'chifukwa chake msampha suthandiza kwenikweni pa iye: akagwidwa mmodzi, wina amadzera nthambi yomweyo. Chothandiza ndi kusadza nthambi zonse zoyandikira khola mpaka patsale mpata wa mamita atatu, ndiponso kusamanga khola moyandikana ndi mpanda kapena denga la khitchini.

Mdani wamkulu ndi khoswe, ndipo zambiri zimene gologolo amanamiziridwa amachita ndi iyeyu. Khoswe wa m'nyumba amakwera mtengo wokhakhala mosavuta, amaboola nsungwi ndi dothi, ndipo amalowa pabowo longokwana chala chachikulu. Amadya mazira, amaluma maunda pachithokomiro kuti adye chakudya chimene makolo awadyetsa, ndipo ndowe ndi mkodzo wake zikagwera m'chakudya kapena m'chomwera zimafalitsa tizilombo ta salmonella, timene timatsegula nkhunda m'mimba, kutupitsa mfundo za mapiko ndi kupha ana akali m'dzira. Khoswe wamkazi amatenga bere la masabata atatu okha n'kuswa ana asanu kapena kuposa, kangapo pachaka. Makoswe amachuluka pakhomo nthawi yokolola, chimanga ndi nandolo zikamalowa m'nkhokwe.

Chimene chimawaitanira kukhola ndi chakudya chogona. Mlimi wothira madeya ndi misere yambiri madzulo amakhala akuweta makoswe. Choyamba, nkhunda zipatsidwe chimene zingamalize nthawi yomweyo, m'mawa ndi chakumasana, ndipo zotsala zisesedwe dzuwa lisanalowe. Chakudya chosunga chikhale m'chigubu kapena m'ndowa yachitsulo yovundikira, osati m'thumba.

Chachiwiri ndi kutseka njira. Pansi pa khola patalikire mita imodzi ndi theka kuchokera padothi, ndipo mphanda iliyonse ivekedwe lata lopindidwa ngati chipewa choyang'ana pansi, lija alangizi a zaulimi amalimbikitsa pa miyendo ya nkhokwe. Lata lakale lokulunga mphanda mosalala kwa theka la mita limagwiranso ntchito. Makwerero, makasu ndi mitolo ya nkhuni zisatsamire pakhola, chifukwa chinthu chimodzi chotsamira chimathetsa ntchito ya malata onse. Amene angakwanitse kugula waya ku Milange kapena ku Muloza asankhe wa maso osapitirira sentimita imodzi. Waya wa makola a nkhuku makoswe aang'ono amadutsamo.

Poizoni ndi njira yofulumira koma yoopsa koposa. Tameki ndi mankhwala ena ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina amasakanizidwa ndi mbewu zomwezo zimene nkhunda ndi nkhuku zimatola. Khoswe wofa ndi poizoni amapha mphaka, galu ndi kadzidzi amene amudya, ndipo ana aang'ono amasewera pabwalo pomwepo. Palinso nkhani ya nthata: khoswe akafa, nthata zake zimafuna magazi kwina, ndipo ndi zimene zimafalitsa mliri wa makoswe, umene unabuka ku Mutarara m'chigawo cha Tete mu 1994. Msampha wachitsulo wotcheredwa usiku pansi pa dengu kapena m'bokosi lobooledwa pang'ono ndi wabwino kuposa poizoni, malinga uchotsedwe nkhunda zisanatsike. Khoswe wogwidwa asagwidwe ndi manja. Akwiriridwe mozama kapena atenthedwe.

Zilombo zina zimadziwika ndi zimene zasiya. Mwili ndi vumbwe amabwera usiku, ndipo mwili amatha kupha nkhunda zingapo n'kudyako pang'ono chabe, kumutu ndi pachifuwa. Nyenga amabwera masana. Mazira kapena maunda akasowa popanda chikamba, magazi kapena nthenga, kawirikawiri ndi njoka, imenenso imakhala itatsata makoswe. Mphaka wapakhomo amathandiza kunkhokwe, koma akalawa chiunda kamodzi sasiya. Pa zonsezi chitetezo n'chimodzi: kulambula udzu mozungulira khola ndi kutseka zitseko zake usiku uliwonse. Mphamba ndi akabawi amagwira makamaka nkhunda zongoyamba kuuluka, choncho zimenezi zitulutsidwe pamodzi ndi zazikulu, munthu ali pafupi. Kadzidzi, amene ambiri amamugenda pomuganizira zaufiti, amapha makoswe ambiri kuposa msampha uliwonse, ndipo pakhola lotsekedwa alibe chimene angawononge.

Adani ang'onoang'ono amapha maunda ambiri mosaonekera. Utitiri wofiira umabisala masana m'ming'alu ya nsungwi ndi makungwa, n'kutuluka usiku kudzayamwa magazi. Umaswana msanga m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene dzira lake limasanduka kachilombo kakakulu m'sabata imodzi. Maunda amayera m'kamwa, amaonda, ndipo makolo amakana kugona m'chisa. Chisa chakale chichotsedwe n'kutenthedwa maunda akangotuluka, ming'alu ithiridwe madzi owira nkhunda zili kunja, kenako imatidwe ndi dothi n'kuwazidwa phulusa louma. Eni nkhunda zampikisano ku Ulaya amagula mapesi a fodya kuti nkhunda zimangire zisa, pofuna kupirikitsa tizilombo. Ku Molumbo, kumene fodya amalimidwa, mapesiwo amatsala m'munda.

Linthumbu limabwera ndi mvula, ndipo limatha kumaliza maunda onse usiku umodzi. Phulusa lothiridwa mozungulira mphanda limalitchinga, koma mvula ikagwa liyenera kuthiridwanso. Chokhalitsa ndi nsanza yoviikidwa mu oyilo wakutha wa galimoto kapena njinga yamoto, yomangidwa pamphanda iliyonse kunsi kwa lata, pamene nkhunda sizingaikhudze, ndipo iziviikidwanso ikayamba kuuma.