Za Akazi a pa Chikuto cha Magazini a Nyimbo

Mwezi uno ticheze za chikuto cha magazini, ndilo tsamba la pamwamba limene munthu aliona asanatsegule. Musati nkhaniyi ndi ya kutali, pakuti zithunzi zimene kale zinali kugulidwa m'masitolo a ku America, lero ziri m'foni ya mwana wanu.

M'chaka cha 1967, ku mzinda wa San Francisco, mnyamata dzina lake Jann Wenner anayamba magazini a nyimbo otchedwa Rolling Stone. Pa chikuto choyamba anaikapo John Lennon, ndipo patapita zaka pang'ono tsamba limenelo linasanduka ulemu waukulu umene oyimba ambiri anaulakalaka.

M'chaka cha 2011 aphunzitsi awiri a ku yunivesite ya Buffalo, Erin Hatton ndi Mary Nell Trautner, anafalitsa zimene anapeza atapenda zikuto zoposa 1,000, za 1967 kufikira 2009. Anaziyesa chimodzichimodzi: chovala chibisa zotani, munthu waima kapena wagona, pakamwa pali potani, dzanja lagwira pati, ajambula nkhope kapena thupi lonse. M'zaka za m'ma 1960, mwa akazi 100 ali onse, 44 anajambulidwa modzutsa chilakolako, amuna 11 okha. Pofika zaka za m'ma 2000 amuna anali 17, koma akazi 83.

Chikuto chimodzi chikwanira kutionetsa machitidwe ake. M'mwezi wa Epulo 1999 anaikapo Britney Spears, mtsikana wa zaka 17. Wojambula, David LaChapelle, anamgoneka pa nsalu yonyezimira, malaya ali otsegula, chovala cha m'kati chiri poyera, dzanja lina lagwira telefoni, lina lafungatira chidole cha ana. Taonani kuchenjera kwake. Chidole chinena kuti uyu ndi mwana. Chovala chinena kuti uyu ndi mkazi. Ndipo wogula aitanidwa kuti aone ziwirizo pamodzi. Za liu la mtsikanayo, limene ndilo linamfikitsa pamenepo, chithunzi sichinena kanthu. Mwamuna kawirikawiri amsiya ndi malaya ake, ayang'ane molimba ngati mwini ntchito.

Pano tisasokonezeke, ife a kumudzi. Thupi la mkazi si tchimo, analiumba ndi Mulungu. Agogo athu anasinja chimanga chifuwa chiri pamtunda, ndipo mai ayamwitsa khanda m'tchalitchi Misa iri m'kati, popanda wochita manyazi. Amene aona maiyo aona munthu wathunthu, wa dzina lake ndi ntchito yake. Koma pa chikuto chija thupi alilekanitsa ndi mwini wake, nalikonza monga wamalonda akonza tomato pa msika, wofiira pamwamba. Chifukwa chake ife sitifulumira kuweruza mtsikanayo. Panali akulu amene anasankha chidole, nasankha chovala, nawerenga ndalama pambuyo pake.

Inu makolo, mukapeza chithunzi chotere m'foni ya mwana, musathamangire ndodo. Mfunseni: Kodi mai ameneyu ayimba nyimbo yanji? Anaipeka ndani? Kawirikawiri mwana adziwa, ndipo poyankha ayamba kumuona woyimbayo monga munthu.

Wenner mwini anaulula za mumtima mwake atakalamba. M'chaka cha 2023 anatulutsa buku la macheza ake ndi oyimba 7 amene anawayesa akatswiri, onse amuna, onse azungu. Atamfunsa a nyuzipepala ya New York Times chifukwa chake munalibe mkazi, anayankha kuti panalibe mkazi wodziwa kufotokoza bwino nzeru za nyimbo pa muyeso umene iye anafuna. Anapepesa, koma anamchotsa m'bungwe loyang'anira Rock and Roll Hall of Fame, imene iye yemwe anathandiza kuikhazikitsa. Tina Turner, amene anali pa chikuto chachiwiri cha Rolling Stone m'chaka cha 1967, anali atamwalira m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho cha 2023, atayimbira anthu zaka zoposa 50.