Musanadzudzule mayi, werengani maola a panjira

Mayi akajomba kusikelo ya mwana, inu odzipereka pa zaumoyo musafulumire kumunena ulesi. Yambani mwamufunsa nthawi imene amathera panjira.

Ola limodzi popita kuntchito, lina pobwera, masiku 6 pa sabata, ndi maola 12 amenewo. Wolembedwa ntchito ku Limbe angathe kupempha tchuthi, koma wageni wopikula tomato ku Lizulu akajomba, tsikulo pakhomo sipalowa ndalama. Kumudzi kosafika minibasi, ulendo ndi wapansi kapena wa kabaza. Pofika kunyumba, kuphika ndi kutunga madzi zikudikira mayi yemweyo.

Choncho pokonza tsiku la sikelo, onetsetsani kuti lisawombane ndi la msika. Nanu abambo, katemera sasankha wobwera ndi mwana. Mayi akatanganidwa, mwanayo pitani naye ndinu.