Digiri Yokha Siphunzitsa Mwana

Ena amaganiza kuti munthu amene watenga digiri ya sayansi ku Bunda kapena ku Zomba angathe kuloŵa m'kalasi tsiku lomwelo. Ife tikukana ndithu. Kudziŵa kemisitiri nkwina, kufotokozera mwana wa ku Kabudula amene sanaonepo labotale nkwinanso. Nchifukwa chake panakhazikitsidwa maphunziro a UCE, osula aphunzitsi mwa amene ali kale ndi digiri.

Koleji ya Nalikule, imene Japan inathandiza kumanga ndipo inatsegulidwa mu 2017, payokha singakwanitse kupereka aphunzitsi m'sukulu zonse za sekondale. Tsono inu atsogoleri a nthambi za Chipani ku Nsaru, Mpingu ndi Nambuma, limbikitsani ana athu amene akungoyendayenda mu Lilongwe, madigiri ali m'manja, kuti akaphunzire uphunzitsi, abwerere kudzaphunzitsa kwawo.