Mawu Atatu Ofanana Nkhope, Limodzi ndi Lodya Ndalama

Pali khalidwe lina lomwe lazika mizu pakati pa ife odziwako Chingerezi, ndipo sabata ino ndikufuna tilikambe mosapsatira. Munthu akangosokoneza mawu awiri achizungu ofanana kalembedwe, timamugwera ndi phwete. Wina ajambula, wina atumiza kwa anzake, eti onani mbuli iyi. Ine kuseka kumeneku ndimadana nako. Woyenera kugwa nkhope ndi uja amalemba mawu ovutawa m'kalata yopita kwa mayi wogulitsa tomato, akudziwa bwinobwino kuti mayiyo sawamva, ndipo akudalira kuti asawamve.

Tengani mawu atatu awa: continent, contiguous ndi contingent. Ukawayang'ana mothamanga amaoneka ngati ana a mimba imodzi. Loyamba likunena za mtunda waukulu, lachiwiri za kugundana malire, lachitatu za chinthu chomwe mwina chichitika mwina ayi. Tiyeni tiwasende limodzilimodzi ngati mtedza, muone kuti palibe ufiti uliwonse, kenako tifunsane chifukwa chake ena amawasandutsa msampha.

Continent ndi kontinenti ija tinaloweza ku pulayimale, chigawo chachikulu cha mtunda wa dziko lapansi monga Africa kapena Asia. Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku muzu wotanthauza kugwira zinthu pamodzi. Ndiye kontinenti ndi nthaka yogwirana, yosadukiza. Abale ake enieni timakhala nawo tsiku ndi tsiku: contain, continue, ngakhale kontena ija imabwera ndi mabelo a kaunjika kuchokera kudoko la Beira kapena Dar es Salaam. Nayo ndi chinthu chogwira katundu pamodzi, basi. M'banja lomweli mulinso incontinent, lomwe a chipatala amanena munthu akamalephera kugwira mkodzo. Muzu ndi womwewo, kugwira ndi kulephera kugwira.

Tsono inu oseka anzanu, dziwani kuti ngakhale ophunzira a m'mayiko ena sagwirizana kuti makontinenti alipo angati. Ife anatiphunzitsa 7. M'sukulu zambiri za ku Latin America amawerenga America yense ngati kontinenti imodzi. Ku Russia amaphatikiza Europe ndi Asia n'kukhala Eurasia, poti pakati pawo palibe nyanja yowalekanitsa. Africa weniweniyu anali wolumikizana ndi Asia pamtunda ku Egypt mpaka anthu anakumba ngalande ya Suez, yomwe inatsegulidwa mu 1869. Ngati akuluakulu a mabuku akukanganabe pa kuwerenga chabe, nanga mayi wa pamsika walakwanji posadziwa kalembedwe?

Contiguous ndi kugundana, kuchitirana malire popanda kanthu kena pakati. Benchi yanga ndi ya mnzanga wogulitsa anyezi n'zogundana, anyezi wake akagubuduka amagwera mu tomato wanga. Benchi ya mayi wachitatu uko tili mumzere umodzi, koma sitinagundane. Kusiyana kwake n'komweku. Malawi anagundana ndi mayiko atatu okha: Zambia, Tanzania ndi Mozambique. Zimbabwe timamutenga ngati mnansi, koma sitichita naye malire. Uyenera kutuluka pa Mwanza, kulowa pa Zobue, kudutsa Tete, kenako n'kukalowa pa Nyamapanda. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi Malawi ndithu, koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, choncho sizinagundane ndi dziko lonselo. Abale athu okhala ku America amawadziwa mawuwa chifukwa ogulitsa pa intaneti amakonda kulemba kuti amatumiza katundu ku contiguous United States kokha, kutanthauza zigawo 48 zogundana. Alaska ali pakontinenti yomweyo ya North America koma Canada anakhala pakati, ndiye sali m'gululo. Hawaii ndiye ali pakati pa nyanja.

Mwina wina akuti izi ndi za mayeso a jogalafe, pamsika zilibe ntchito. Ayi ndithu. Mu 2018 atsogoleri a mu Africa anasainirana ku Kigali pangano la malonda la African Continental Free Trade Area, ndipo analengeza kuti malonda ayamba pa 1 January 2021. Mawu akuti continental amakoma m'khutu, ngati kuti Africa yense wasanduka msika umodzi wopanda mpanda. Koma chikwama cha katundu sichiuluka pamwamba pa kontinenti. Chimayenda pansi, malire ndi malire. Woguula ku Johannesburg amadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, zipata zitatu, chilichonse ndi mbali zake ziwiri, mizere yake ndi mapepala ake. Andale amalankhula za kontinenti, ife ochita geni timakhala m'dziko la zogundana. Amene wamvetsa kusiyana kwa mawu awiriwa sangapusitsidwe ndi zolankhula za pamsonkhano.

Tsopano tifike pa mwini nkhani, contingent. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale amafanana kwambiri ndi continent, kusiyana kalata imodzi yokha, awiriwa si pachibale. M'bale wake wa contingent ndi contiguous. Onse anachokera ku muzu wa Chilatini wotanthauza kukhudza, komwenso kunachokera contact ndi contagious, matenda aja opatsirana pokhudzana. Nanga kukhudza kukugwirizana bwanji ndi kukayikitsa? Apa Chichewa chathu chimafotokoza bwino kuposa dikishonale. Timati maliro awa atikhudza. Timati zandigwera. Chinthu chomwe chakukhudza kapena kukugwera sunachikonze ndiwe, chikanatha kukulambalala n'kugwera wina. Azungu akale anaganiza chimodzimodzi: contingent ndi chinthu chongokugwera, chosatsimikizika, choyembekezera china kuti chiyambe chachitika.

Mawuwa amavala malaya atatu. Poyamba amatanthauza gulu la anthu lotumizidwa kukaphatikana ndi gulu lalikulu. Asilikali athu atapita ku DRC mu 2013 kukagwira ntchito pansi pa United Nations limodzi ndi a ku South Africa ndi Tanzania, nyuzi zachizungu zinkawatchula kuti Malawian contingent. Apa palibe vuto. Kachiwiri pali contingency, ndalama kapena dongosolo loikiratu padera kuopa zogwa mwadzidzidzi. Mayi aliyense wa geni ali nayo, ija timamanga pa mfundo ya chitenje osaiwerengera pa mpamba. Apanso palibe vuto, kupatula pamene mzere wa contingency mu bajeti ya komiti wasanduka khomo lotulutsira ndalama zopanda lisiti. Malaya achitatu ndiwo oopsa: contingent on kapena contingent upon. Tanthauzo lake ndi kutengera, malinga, pokhapokha. Mwachidule, mwina.

Mwina ameneyu dziko lonse linamulawa. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo patangopita masiku ochepa bungwe la IMF linavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni. Ambiri tinamva ngati ndalamazo zafika kale. Chikhalirecho zinali zobwera pang'onopang'ono, gawo lililonse kutengera kuti boma lakwaniritsa zomwe anagwirizana. Gawo loyamba linabwera, madola pafupifupi 35 miliyoni, ndipo pofika May 2025 pangano lonse linatha mphamvu zotsalazo zisanatuluke. Kugwa kwa kwacha kunali kotsimikizika, tinakumva pa mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira sabata yomweyo. Ngongoleyo ndiyo inali contingent. Sindikukamba za chipani chilichonse pano. Ndikukamba za mawu amodzi omwe anthu wamba sanamasuliridwe mokwanira.

Zomwezi zimachitika pamsika, kungoti manambala ndi aang'ono ndipo misozi ndi ya munthu mmodzi. Mayi alandira kalata ya ngongole. Pamwamba palembedwa approved ndi zilembo zikuluzikulu, mawu omwe aliyense amawadziwa. Pansi, timalemba ting'onoting'ono, akuti contingent upon kuti gulu lonse limalize kubweza ngongole yakale, kapena kuti ofesi ilandire ndalama kuchokera kulikulu. Mayi uja aona approved, nthungululu. Apita kukatenga katapila kuti agwirire belo lisanakwere, poti ndalama zikubwera Lachisanu. Lachisanu lifika, lina lifikanso, mwezi utha. Katapila sadziwa contingent, iye amangobereka. Ndaona ndi maso anga mabenchi akutsekedwa chifukwa cha nkhani yotereyi, ndipo mayi akapita kukadandaula amamulozera chala pa mzere uja, amvekere, "Mayi, simunawerenge kodi?" Anawerenga. Chomwe sanachite ndi kumva, ndipo wolembayo ankadziwa.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Contingent ndi fodya wa pachala. Koma kuti munthu asamale mphepo ayenera kuuzidwa kuti fodyayo akadali pachala.

Ndikudziwa zomwe ena muyankhe. Muti Chichewa chilibe mawu okwanira kulembera mapangano. Bodza lamkunkhuniza. Tili ndi ngati, tili ndi malinga, pokhapokha, kutengera, bola, kaya, mwina. Mlimi akati ndikubwezera ndikakolola, malinga mvula igwe bwino, wanena chiganizo cha contingent chathunthu, ndipo onse awiri amvana kuti chikayikitso chili pati. Ankhoswe akhala akumanga mapangano a ukwati ndi a munda m'Chichewa kuyambira kalekale, ndi zoyenera kutsata zake zonse. Chilankhulo chokhoza kuweruza mlandu wa malire a munda pabwalo la mfumu chingalephere kunena kuti ngongole yanu ituluka pokhapokha anzanu atabweza?

Ena muti mapepala a lamulo amayenera kukhala m'Chingerezi. Chabwino, akhale. Koma tamverani wailesi. Poitanira anthu ku ngongole, Chichewa chimatuluka chokoma ngati uchi, ndi nyimbo zomwe. Pokumbutsa kubweza, Chichewa chimapezekanso, chakuthwa bwino. Chimasowa malo amodzi okha, pa mzere uja wonena kuti mwina simulandira. Ndiye musandiuze kuti ndi lamulo. Womasulira alipo pamene iwo akufuna ndalama zathu, amadwala pamene ife tikufuna kudziwa zoona. Tsamba limodzi la Chichewa lomatidwa kumbuyo kwa fomu silingagwetse ofesi.

Enanso muti yankho ndi lakuti anthu aphunzire Chingerezi. Inde aphunzire, n'chifukwa chake ndataya nthawi yanga kusenda mawuwa pano m'malo mowerengera za mawa. Koma kaphunzitsidwe kake tikaonenso. Ambirife tinaloweza mndandanda wa mawu pokonzekera MSCE ngati nyimbo, popanda wotiuza kuti contiguous ndi contagious ndi ana a bambo mmodzi, kapena kuti kontinenti ndi kontena n'zapachibale. Ukadziwa muzu suiwala. Ukaloweza, mayeso akatha mawu amabwerera kwawo. Komanso tinene zoona, continent ndi contingent amatha kusokoneza ngakhale eni chilankhulo. Ndiye mukufuna gogo wogulitsa mpiru ayambe wapambana pomwe a digiri amapunthwa, kenako ndiye ayenere kuuzidwa zoona za ngongole yake? Koma abale.

Mawu anga omaliza apite kwa ife a m'gulu lino, olemba ndi okonda zolembedwa. Timanyadira kuti ndife amisiri a mawu. Umisiri wake uli pati ngati ntchito yathu ndi kuseka wolemba continent pomwe amafuna contingent? Mmisiri wa matabwa akaona mpando wa mnansi ukugwedera amatenga hamala. Ifenso tikaona mawu akugwetsa anthu tiwamasulire. Kuofesi komwe mumagwira ntchito, mukapatsidwa kalata yopita kwa anthu wamba, funsani abwana kuti ya Chichewa ili kuti. M'bale wanu akakubweretserani fomu, musangomuuza kuti sainani apa. Sakani mawu awa: contingent upon, subject to, provided that, pending. Onsewa ndi mwina wovala suti. Mukawapeza, muuzeni m'bale wanuyo kuti afunse mafunso atatu asanagwire cholembera: chikuyembekezeredwa n'chiyani, woti achichite ndani, nanga chikapanda kuchitika ine nditaya chiyani? Wa pakauntala akakwiya ndi mafunsowo, dziwani kuti mwaponda pomwe panabisidwa kanthu.

Ndipo kwa amayi anzanga a geni, musachite manyazi kunena kuti sindinamve, tandiuzeni m'Chichewa. Safunsa anadya phula. Ndalama yomwe mukusainirayo ndi yanu, thukuta ndi lanu, ana odya pamenepo ndi anu. Amene akufuna siginecha yanu ali ndi ngongole ya kukufotokozerani, ndipo ngongole imeneyo iyambe kubwezedwa inu musanatenge yawoyo.