Yankho lanu la Fizikisi lingachitike padziko pano?

Sabata ino ndikulankhula ndi inu a Fomu 4 amene mayeso a MSCE akuyandikirani, makamaka amene mtima uli pa uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, kapenanso zachipatala ku KUHeS. Malo kumeneko ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri. Kukhoza kokha sikukwanira. Wopeza 2 mu Fizikisi ndi wopeza 4 onse akhoza, koma posankhana mapointsi awiriwo akhoza kusiya mmodzi pakhomo. Chimene chimandiwawa n'chakuti malikisi ambiri sathawa chifukwa funso linali lovuta. Mwana amataya bomwetamweta pa funso loti akanalikhoza akanangoima pang'ono n'kuliyang'ananso yankho lake.

Ndinaona kope la mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wolimbikira amene mafomula amawatchula pamtima osajejema. Funso linali la ketulo yamagetsi ya ma watt 2,000 yolumikizidwa ku ma volt 230, ndipo ankafuna current. Iye anachulukitsa manambala awiriwo, kakyuleta n'kumupatsa 460,000. Analemba ma ampere 460,000 n'kudula mizere iwiri pansi pake ndi rula, mwaukhondo ndithu. Ndinamutuma kukazula pulagi ya ketulo kukhitchini. Kumbuyo kwake kunalembedwa 13A, kutanthauza kuti kafyuzi kam'katimo kamapsa current ikapitirira ma ampere 13. Anayang'ana pulagi, anayang'ana kope, kenako anagawa m'malo mochulukitsa n'kupeza 8.7. Pulagi imeneyo wakhala akuigwira kuyambira ali ku pulayimale, koma palibe amene anamuuzapo kuti nambala yolembedwa pamenepo ndi yomwe ija ya m'buku.

Fomula ya pamenepa siyofunika kuloweza ngati mwamvetsa chimene muyezo uliwonse ukunena. Volt imodzi ndi joule imodzi ya energy pa coulomb iliyonse ya chaji. Ampere imodzi ndi coulomb imodzi yodutsa pa sekondi. Mukachulukitsa ziwirizi ma coulomb amafafanizana, n'kutsala ma joule pa sekondi, omwe ndiwo ma watt. Amene waziona chonchi, ngakhale mutu utaima m'chipinda cha mayeso, akhoza kuimanganso fomulayo kuchokera pa miyezo yokha.

Tikhalebe kukhitchini, chifukwa muli zambiri. Mayunitsi amene amayi amagula pafoni n'kulowetsa mu mita ya ESCOM ndi Fizikisi yeniyeni. Yunitsi imodzi ndi kilowatt-hour imodzi, kutanthauza ma watt 1,000 oyaka kwa ola lathunthu. Ola lili ndi masekondi 3,600, choncho yunitsi imodzi ndi ma joule 3,600,000. Apa m'pamene ambiri amasokoneza power ndi energy. Ma watt olembedwa pansi pa ketulo akunena liwiro limene chipangizocho chimadyera magetsi, pamene mayunitsi akunena kuchuluka kwa zimene chadya. Babu ya ma watt 10 imatenga maola 100 kuti imalize yunitsi imodzi. Hotipuleti ya ma watt 1,500 ikayaka mwamphamvu maola awiri yamaliza mayunitsi atatu. N'chifukwa chake nyemba amaziteleka pa mbaula ngakhale magetsi alipo, ndipo mayi wochita zimenezo wayankha kale funso limene mwana wake adzalakwe m'mayeso.

Tiyeni tiwiritse madzi papepala. Mu ketulo muli malita awiri, omwe ndi makilogalamu awiri, ndipo akuchoka pa madigiri 25 kufika pa 100. Kilogalamu imodzi ya madzi imafuna ma joule pafupifupi 4,200 kuti itenthe ndi digiri imodzi. Chulukitsani 2 ndi 4,200 ndi 75, mupeza ma joule 630,000. Ketulo ikupereka ma joule 2,000 sekondi iliyonse, ndiye nthawi ndi masekondi 315, mphindi zisanu ndi pang'ono. Aliyense amene anadikirirapo tiyi m'mawa avomereza kuti n'zomveka. Ketulo yeniyeni imachedwerapo pang'ono chifukwa kutentha kwina kumathera m'chitsulo ndi mumpweya, ndipo funso la efficiency limachokera pomwepo. Tsono wolemba mayeso amakonda kulemba 2 kW m'malo mwa ma watt 2,000. Wopupuluma amagawa ndi 2 n'kupeza masekondi 315,000, omwe ndi maola 87 ndi theka. Ndani anadikirirapo tiyi masiku atatu? Funso limeneli silidya ngakhale mphindi imodzi ya nthawi ya mayeso, koma ndi ochepa amene amadzifunsa.

Kuti muthe kudzifunsa motero pamafunika manambala angapo okhala m'mutu, oti muzilinganiza nawo mayankho. Usain Bolt anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, zomwe ndi mamita 10 ndi pang'ono pa sekondi. Ngati yankho lanu likuti wakabaza wa njinga yakapalasa akuyenda mamita 50 pa sekondi, mwamupatsa liwiro la makilomita 180 pa ola, ndipo penapake mwalakwitsa. Kusintha makilomita pa ola kukhala mamita pa sekondi n'kugawa ndi 3.6 basi: minibasi ya pa 72 ikuyenda mamita 20 pa sekondi. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi mumpweya, pamene kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi. Dzinja likubwerali mukaona mphezi muwerenge masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi.

Za minibasizi ndikufuna ndichedwepo, chifukwa sizithera pa malikisi. Kinetic energy ndi theka la mass kuchulukitsa ndi liwiro lochulukitsidwa ndi lokha. Ka 2 kakang'ono kokhala pamwamba pa v wa liwiro kaja ana ambiri amakaiwala, kapena amakatenga ngati kakuti chulukitsa ndi 2. Galimoto ya makilogalamu 2,000 yoyenda mamita 10 pa sekondi ili ndi ma joule 100,000. Yomweyo ikafika pa mamita 20 pa sekondi ili ndi ma joule 400,000. Liwiro lawirikiza kawiri, energy yawirikiza kanayi. Mabuleki ndi omwewo, matayala ndi omwewo, msewu ndi womwewo, choncho mtunda woti iime nawonso uwirikiza kanayi. Onjezanipo izi: dalaivala wa pa 72 akayang'ana foni sekondi imodzi yokha, galimoto yayenda mamita 20 popanda woiyang'anira. Ndikamakwera minibasi pa msewu wa M1 n'kumva anthu akuyamikira dalaivala kuti akudziwa kuponda, ndimalakalaka phunziro limeneli likanafika kwa aliyense wopatsidwa laisensi, osati kwa okhawo amene anasankha Fizikisi ku Fomu 3.

Magetsi a ketulo ija ambiri amachokera mu Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene EGENCO imagwetsera madzi pa makina ozungulira. Fomula yake ndi yosavuta ija ya mgh. Kyubiki mita imodzi ya madzi ndi makilogalamu 1,000, tani yathunthu. Tiyerekeze kuti yagwa mamita 50, ndipo g titenge 10 monga amachitira m'mayeso. Tipeza ma joule 500,000. Taonani bwino: tani ya madzi yogwa kuchokera pamwamba potero sikukwanira kuwiritsa malita awiri aja, amene anafuna 630,000. Kapichira imapanga ma megawatt pafupifupi 130, omwe ndi ma joule 130,000,000 sekondi iliyonse. Pa kugwa kwa mamita 50 pangafunike matani 260 a madzi sekondi iliyonse, popanda kutaya kalikonse. Mwana amene wawerengera yekha zimenezi safunikanso kuuzidwa chifukwa chake magetsi ankazimazima mu 2016 ndi 2017 madzi atatsika m'nyanja ya Malawi, kapena chifukwa chake dziko linalowa mumdima namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022. Ma megawatt 130 ndi maketulo 65,000 oyaka nthawi imodzi, ndipo mukaganizira kuchuluka kwa makomo a mu Blantyre ndi Lilongwe mokha, muona kuti si ambiri.

Funso la thiransifoma limabwerabwera, ndipo yankho lake lili ndi ka 2 komwe kaja. Kutentha kotayika mu waya kumatsata current yochulukitsidwa ndi yokha. Mukakweza voltage kakhumi, current imatsika kakhumi pa power yomweyo, ndipo zotayika zimatsika ka 100. N'chifukwa chake nthambo za pa nsanja zazitali zija zimanyamula ma volt 132,000 kapena kuposa, n'kudzatsitsidwa kufika pa 230 pafupi ndi makomo. Zonsezi zinamera pa zimene Michael Faraday anapeza mu 1831, zakuti maginito akamasuntha pafupi ndi waya wokulunga amadzutsa magetsi. Kumbukiraninso kuti thiransifoma sigwira ntchito pa batire, chifukwa imafuna current yosinthasintha mbali.

Ndikudziwa zimene ena a inu munene: sukulu yathu ilibe labotale, ammeter tinangoiona pachithunzi, ndipo tikaigwira koyamba pa tsiku la mayeso a pulakitiko. Dandaulo limeneli n'loona. Mwana wa ku CDSS yakumudzi ndi mwana wa sukulu ya zipangizo zonse amalemba pepala limodzi la MANEB ndipo amalimbirana malo amodzimodzi, zomwe ine sindiziona ngati chilungamo. Anthu amakonda kutchula William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi anamanga makina amphepo opanga magetsi pogwiritsa ntchito mabuku a mu laibulale ndi dainamo ya njinga. Nkhani yake ndi yonyaditsa, koma ndimakhumudwa akuluakulu akamaitchula ngati chifukwa chosagulira sukulu zipangizo. Mnyamata mmodzi kupulumuka sikufafaniza ngongole imene tili nayo kwa ena onsewo.

Komabe mayeso sadikira kuti labotale imangidwe, choncho chitani zimene mungathe ndi zomwe zilipo. Tengani ulusi wotalika mita imodzi, mumange mwala kumapeto, mupachike pa nthambi kapena pa phaso. Mukokere mwalawo pambali pang'ono, musiye, ndipo ndi wotchi ya pafoni muyeze maulendo 20 opita ndi kubwera. Mupeza masekondi pafupifupi 40, kutanthauza masekondi awiri pa ulendo umodzi. Timayeza 20 osati umodzi chifukwa chala chimachedwa kudina, ndipo kuchedwako kukagawidwa pa maulendo 20 kumachepa. Limeneli ndi funso limene amafunsa m'mayeso. Kenako muchotse mwala uja mumange wina wolemera kawiri. Anzanu ambiri alumbira kuti nthawi isintha, koma sisintha. Mufupikitse ulusi kufika masentimita 25, nthawi itsika kufika sekondi imodzi. Muyese mautali asanu, mulembe tebulo lokhala ndi miyezo pamutu pa danga lililonse, mujambule galafu ndi pensulo yosongoka. Mwachita pulakitiko yathunthu osalipira tambala, ndipo manja anu azolowera ntchito imene ena akaiyambire m'chipinda cha mayeso akunjenjemera.

Mukamayankha mapepala a zaka zam'mbuyo, zoloweretsani dzanja kulemba zimene mwapatsidwa ndi miyezo yake musanagwire kakyuleta. Magalamu akhale makilogalamu, mphindi zikhale masekondi, masentimita akhale mamita. Lembani fomula, lowetsani manambala poonekera, osadumphira ku yankho. Wochonga akaona njira yolondola amakhala ndi poyambira kukupatsani kanthu ngakhale nambala yomaliza itaphonya, koma nambala yoima yokha ikalakwika palibe chopulumutsa. Ndipo 8.7 wopanda A kumapeto sakunena kalikonse.

Kwa inu makolo, pempho langa ndi laling'ono. Mwana akamawerenga musamangomufunsa ngati wamaliza. Mupatseni simbi yamagetsi awerenge ma watt olembedwa pamenepo, akuuzeni mayunitsi amene imadya, ndipo inu amene mumagula mayunitsiwo mumuuze ngati zikugwirizana ndi zimene mita imaonetsa. Simufunika kudziwa Fizikisi kuti muchite zimenezo.

A Fomu 4, nayi ntchito ya sabata ino. Simbi ya 1.2 kW imagwira ntchito mphindi 30 tsiku lililonse kwa masiku 30 pa ma volt 230. Pezani mayunitsi amene yadya, muwasinthe akhale ma joule, ndipo munene ngati fyuzi ya 5A ingapirire kapena pafunika ya 13A. Musanawerengere, lembani kaye pambali nambala imene mukuganiza kuti ituluka. Mayankho tidzakambirana sabata yamawa.